Mesi ya maofesala: nyumba yophunzirira ulemu wa usilikali

Munthu akamachokera pa boma la Salima kulowera kunyanja ku Senga Bay, ulendo wa makilomita pafupifupi 20, amadutsa dera limene moyo wake ndi wolukanalukana ndi usilikali. M'dera limeneli muli sukulu ya asilikali ya Malawi Armed Forces College, imene ambiri amangoitchula kuti MAFCO, ndipo kufupi ndi gombe kuli gulu la asilikali odumpha m'ndege la Parachute Battalion. Anthu wamba amaona perete, amamva kulira kwa mfuti pa nthawi ya maphunziro, ndipo amakumana ndi asilikali pamsika. Koma m'kati mwa malo ngati amenewa mumakhala nyumba ina imene ambiri sanailowepo: mesi ya maofesala, imene pa Chingerezi amati Officers' Mess.

Ena amaiganizira ngati malo omwera mowa a akuluakulu. Zoona zake n'zakuti mesi ndi kalabu ya mamembala okhaokha, yokhala ndi malamulo ake, komiti yake ndi miyambo yake. Ndi kumene ofesala amadyera, kugona ngati sali pabanja, kulandirira alendo ndiponso kuphunzira khalidwe limene silingaphunzitsidwe pabwalo la perete.

Chiyambi cha mawu ndi mwambo

Mawu akuti mesi anachokera ku liwu lakale la Chifalansa lotanthauza gawo la chakudya choikidwa patebulo. M'kupita kwa nthawi, Angerezi anayamba kuligwiritsa ntchito ponena za gulu la anthu odyera pamodzi, kenaka ponena za nyumba imene iwo amadyeramo.

M'gulu lankhondo la Britain, mwambowu unakhazikika m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800. Maofesala a gulu limodzi, amene nthawi zambiri ankakhala kutali ndi kwawo, ankasonkha ndalama zogulira chakudya, zolipirira ophika ndi zogulira ziwiya. Pang'onopang'ono tebulo la chakudyalo linasanduka mtima wa gululo. Ndi pamenepo pamene ankasungira zikho, zithunzi za atsogoleri akale ndi zinthu zokumbutsa nkhondo zimene anamenya. Ufumu wa Britain utafalikira, mwambowu unafika ku India, ku West Africa, ku East Africa mpaka kuno.

Mmene unafikira m'dziko muno

Dziko lino litakhala pansi pa ulamuliro wa Britain mu 1891, bwanamkubwa woyamba, Harry Johnston, anakhazikitsa kagulu ka asilikali kamene munali Asikh ochokera ku India motsogozedwa ndi Kaputeni Cecil Maguire. Posakhalitsa amuna a m'dziko muno anayamba kulembedwa, ndipo mu 1896 panabadwa gulu la British Central Africa Rifles. Pa 1 January 1902 magulu a kuno anaphatikizidwa ndi a kum'mawa kwa Africa kupanga King's African Rifles, imene makolo athu ankaitchula kuti Keyala. Batalioni yoyamba ndi yachiwiri zinali za dziko lino, ndipo likulu lawo linali ku Zomba.

Dzina la Cobbe Barracks ku Zomba limakumbutsa nthawi imeneyo. Alexander Cobbe anali ofesala amene anatsogolera asilikali a kuno ku Somaliland ndipo analandira mendulo ya Victoria Cross chifukwa cha nkhondo ya ku Erego mu October 1902. Dzina la Moyale Barracks ku Mzuzu nalo limachokera ku Moyale, m'malire a Kenya ndi Ethiopia, kumene asilikali a Nyasaland anamenyana ndi Ataliyana mu 1940. Asilikali a Keyala anamenyanso nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene agogo athu ankaitcha Chiwaya, kuyambira ku Karonga mu September 1914. Anakafika ku Burma pa nkhondo yachiwiri, ndiponso ku Malaya kumayambiriro a zaka za m'ma 1950.

Pa zaka zonsezi, amene ankakhala patebulo la mesi anali azungu okhaokha. Mmalawi ankalowamo ngati wophika, woperekera chakudya kapena woimba lipenga. Ngakhale atakhala wolimba mtima chotani, udindo wake unkathera pa usajeni meja. Ankatha kufera bwana wake kunkhondo, koma sankatha kudya naye mbale imodzi. Choncho mesi, monga makalabu ena a atsamunda, mwachitsanzo Gymkhana Club ya ku Zomba, inali chizindikiro cha malire a pakati pa wolamula ndi wolamulidwa.

Zimene Amalawi ankaona patali sizinapite pachabe. Magule monga malipenga, beni ndi mganda, amene amavinidwa mpaka lero m'maboma a m'mbali mwa nyanja ndi m'chigawo chapakati, anatengera mayendedwe a perete, zovala zosita bwino ndi maudindo a usilikali. M'magulewa anthu a m'mudzi ankadzipatsa okha maudindo amene boma la atsamunda linkawamana.

Chitseko chitseguka

Pa 6 July 1964 dziko litalandira ufulu, batalioni yoyamba ya Keyala inasanduka 1st Battalion ya Malawi Rifles. Miyezi yochepa izi zisanachitike, mu January 1964, asilikali a ku Tanganyika, Uganda ndi Kenya anali ataukira, ndipo zina mwa zodandaula zawo zinali malipiro ochepa ndi kupitirira kwa maofesala achizungu. Kuno Dr Hastings Kamuzu Banda anasankha kuyenda pang'onopang'ono. Maofesala a ku Britain anapitiriza kutsogolera pamene Amalawi oyamba ankatumizidwa kunja, makamaka ku Britain, kukaphunzira ntchito ya uofesala. Mmalawi woyamba kukhala mkulu wa gulu lonse lankhondo anali Graciano Matewere mu 1972, ndipo amene anamulowa m'malo mu 1980 anali Melvin Khanga.

Kusinthaku kunachitika kwa zaka zingapo, motero azungu ndi Amalawi anakhalira limodzi m'mesi kwa kanthawi. N'chifukwa chake miyambo yambiri sinaduke koma inangosintha manja. Chimene chinasintha kwambiri ndi tanthauzo lake: nyumba imene kale inkalekanitsa anthu potengera khungu inayamba kusonkhanitsa Amalawi ochokera ku Chitipa, Dedza ndi Nsanje patebulo limodzi.

Malo a Salima m'mbiriyi

Dziko silikanapitiriza kudalira sukulu za kunja. Mu 1978 boma linatsegula sukulu ya asilikali ku Salima, imene poyamba inkatchedwa Kamuzu Military College, ndipo dzina la Malawi Armed Forces College linabwera dziko litalowa m'ndale za zipani zambiri. Sukuluyi imaphunzitsa asilikali olembedwa kumene, masajeni ndi ofuna kukhala maofesala, ndipo ilinso malo okonzekererako ntchito yosungitsa mtendere kunja.

Apa ndi pamene Salima akulowera m'nkhani ya mesi. Mnyamata kapena mtsikana wophunzira uofesala saphunzira za mfuti, mapu ndi kutsogolera asilikali m'tchire zokha. Amaphunziranso kavalidwe, kayankhulidwe, kadyedwe ndi kalandiridwe ka alendo, chifukwa tsiku limene adzavale nyota yake yoyamba adzakhala membala wa mesi kulikonse kumene adzatumizidwe, kaya ndi ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe, ku Cobbe, ku Moyale kapena ku Chilumba. Pamwambo womaliza maphunziro, umene kawirikawiri amatsogolera ndi mtsogoleri wa dziko monga mkulu wa asilikali onse, wophunzira amene wachita bwino koposa amalandira lupanga laulemu. Kuchokera tsiku limenelo, khomo la mesi limakhala lotseguka kwa iye.

Mmene mesi imayendetsedwera

M'magulu ankhondo amene anatengera mwambo wa Britain, pamakhala nyumba zitatu zosiyana. Maofesala, kuyambira lefutenanti mpaka jenerale, ali ndi mesi yawo. Masajeni ndi masajeni meja ali ndi yawo. Asilikali a maudindo apansi ali ndi kantini. Palibe amene amalowa m'nyumba ya mnzake popanda kuitanidwa, ndipo lamuloli limagwira mbali zonse: ngakhale ofesala wamkulu amalowa m'mesi ya masajeni ngati mlendo, mwa chilolezo cha eni ake.

Umembala si wochita kusankha. Ofesala aliyense ndi membala wa mesi ya kumene akugwira ntchito, ndipo amasonkha ndalama mwezi ndi mwezi. Zimene wadya ndi kumwa zimalembedwa, ndipo kumapeto kwa mwezi amalandira bilu. Kulephera kulipira kumaonedwa ngati nkhani ya mwambo, pakuti munthu amene sangasamale ngongole yake ya chakudya amakayikitsa ngati angasamale malipiro, zida ndi miyoyo ya asilikali ake.

Zochitika za tsiku ndi tsiku zimayendetsedwa ndi komiti. Wapampando wake, amene amadziwika ndi zilembo zakuti PMC, amakhala ofesala wa udindo wapamwamba woyankha kwa mkulu wa gululo. Pamakhalanso mlembi, msungichuma ndi mamembala oyang'anira chakudya, zakumwa, zisangalalo ndi katundu wa m'nyumbamo. Ntchito zimenezi zimaperekedwa dala kwa maofesala achichepere kuti azolowere kusunga mabuku ndi kuyankha mafunso pamaso pa anzawo.

Malamulo a pakhomo

Mwambo umati wolowa m'mesi avule chipewa ndipo asalowe ndi chida. Kale maofesala ankasiya malupanga awo pakhomo, kusonyeza kuti m'katimo ndi malo a mtendere. Zovala za kutchire kapena za masewero zili ndi nthawi ndi malo ake. Mkulu wa gululo kapena mlendo wolemekezeka akalowa, amene ali m'chipindamo amaimirira. Amene waitana mlendo ndiye amayankha pa khalidwe la mlendoyo ndi kulipira zimene wadya.

Lamulo lotchuka kwambiri ndi lokhudza nkhani zokambidwa patebulo. Mwambo wakale umaletsa ndale, chipembedzo ndi kutchula dzina la mayi m'nkhani zopanda ulemu. Umaletsanso kukokera nkhani za ku ofesi pa chakudya. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: izi ndi nkhani zimene zimayambanitsa abale, ndipo anthu amene mawa adzadalirana pakati pa zipolopolo sayenera kugona atakwiyirana. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo msilikali amalidziwa bwino tanthauzo la mwambiwu kuposa wina aliyense.

Ngakhale maudindo saiwalika, m'mesi mpata wa pakati pa wamkulu ndi wamng'ono umachepa. Lefutenanti watsopano amatha kukhala pafupi ndi kenelo, kumva mmene amaganizira ndi kufunsa zimene sakanafunsa pa perete. Wamkuluyo naye amapeza mwayi wodziwa ana ake a ntchito: ndani wodekha, ndani wopupuluma, ndani amene chakumwa chimamulamulira.

Usiku wa phwando

Chimake cha miyambo yonse ndi mgonero wapadera wa gulu. Umachitika polandira maofesala atsopano, potsanzikana ndi opuma ntchito kapena osamutsidwa, ndiponso pokumbukira masiku ofunika m'mbiri ya gululo. Kupezekapo kumatengedwa ngati ntchito, osati chisangalalo chabe. Onse amavala yunifolomu yapadera ya mesi, ndi timamendulo ting'onoting'ono pachifuwa.

Ndondomeko yake, monga imachitikira m'mayiko a Commonwealth, ndi yokhazikika. Lipenga kapena bandi imachenjeza kuti nthawi yayandikira. Mamembala amalowa ndi kuima kumbuyo kwa mipando yawo mpaka akuluakulu ndi alendo atafika. Pemphero limaperekedwa, kawirikawiri ndi m'busa wa asilikali. Wapampando amakhala ku tebulo lalikulu, ndipo kumapeto kwenikweni kumakhala wachiwiri wake wa usikuwo, wotchedwa Mr Vice, amene nthawi zambiri ndi ofesala wamng'ono koposa. Palibe wotuluka popanda chilolezo cha wapampando.

Chakudya chikatha, matebulo amachotsedwa zonse kupatula matambula. Botolo la vinyo wa port limayenda kuchokera kwa munthu kupita kwa mnzake wa kumanzere mpaka litazungulira. Amene samwa mowa amaloledwa kudzaza tambula yake ndi madzi kapena chakumwa china. Kenaka wapampando amagogoda patebulo, Mr Vice amaimirira n'kutchula amene akulemekezedwa, ndipo onse amaimirira ndi kukweza matambula. Tambula yoyamba imakhala ya mtsogoleri wa dziko. Kufikira pa 6 July 1966, pamene Malawi anakhala lipabuliki, udindo umenewo unali wa Mfumukazi Elizabeth II. Kuyambira tsikulo uli ndi Pulezidenti. Chimene chimalemekezedwa ndi mpando, osati chipani cha amene waukhalira.

Pambuyo pake pamabwera zoyankhula, kukumbukira anzawo amene anatsogola, ndi masewero amene achinyamata amaonetsamo mphamvu ndi nthabwala. Pali mwambo winanso wochokera ku Britain wa nyengo ya Khirisimasi, pamene maofesala ndi masajeni amaperekera chakudya kwa asilikali wamba. Ndi chikumbutso chakuti utsogoleri ndi utumiki.

Zimene zasintha

Mesi ya lero si ya mu 1964. Gulu lankhondo litayamba kulemba amayi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, nyumba imene inali ya amuna okhaokha inalandira mamembala achizimayi ovala nyota zofanana ndi za anzawo. Lamulo lakale losatchula dzina la mayi mopanda ulemu linapeza tanthauzo latsopano: kulemekeza mnzako wa ntchito amene wakhala naye tebulo limodzi. Mu 2004 lamulo latsopano linasintha dzina la gululi kuchoka pa Malawi Army kukhala Malawi Defence Force. Maofesala ambiri a masiku ano ndi ophunzira m'mayunivesite, ndipo ambiri anagwirapo ntchito pansi pa mbendera ya United Nations m'mayiko monga Côte d'Ivoire ndi Democratic Republic of Congo. Kumeneko amakumana ndi anzawo a ku Tanzania, South Africa ndi India, ndipo kudziwa miyambo ya mesi kumawathandiza kulandirana mosavuta.

Pali mafunso amene anthu amafunsa, ndipo ndi omveka. N'chifukwa chiyani dziko lodziimira palokha likusungabe mwambo wa atsamunda? Kodi kulekanitsa malo odyera sikukulitsa mpata pakati pa ofesala ndi msilikali amene akulimbana ndi kukwera mtengo kwa zinthu? Kodi malo okhala ndi chakumwa sangazolowetse achinyamata kuledzera ndi ngongole?

Oikira kumbuyo mwambowu amayankha kuti munthu amene angadzalamule mnzake kupita pamalo oopsa, kapena kumuweruza akalakwa, ayenera kusunga kamtunda pang'ono kuti chilungamo chisakhote. Amanenanso kuti msilikali wamba naye amafuna malo opumirako popanda diso la bwana. Koma yankho limeneli limagwira pokhapokha ofesala akamakumbukira lamulo lina lakale la ntchito yake, lakuti kutchire mtsogoleri amadya asilikali ake atadya kale.

Chifukwa chake nkhaniyi ikukhudza tonse

Wowerenga wa ku Ndirande kapena ku Area 25 angafunse kuti zonsezi zikumukhudza bwanji. Yankho lili m'mbiri ya dziko lino. Mu December 1993, asilikali analanda zida gulu la Malawi Young Pioneers pa ntchito yotchedwa Operation Bwezani, koma sanatenge boma, ndipo chisankho chinachitika mu May 1994. Pulezidenti Bingu wa Mutharika atamwalira pa 5 April 2012, gulu lankhondo motsogozedwa ndi Jenerale Henry Odillo linaima ndi malamulo oyendetsera dziko, ndipo Joyce Banda analumbiritsidwa pa 7 April. Pa zionetsero za mu 2019 ndi 2020, asilikali anateteza anthu m'misewu mpaka dziko linafika pa chisankho chachibwereza cha pa 23 June 2020.

Kungakhale kukokomeza kunena kuti mesi yokha ndiyo inachititsa zimenezi. Nigeria ndi Ghana, kumene asilikali analanda boma mu 1966, ndi Uganda, kumene Idi Amin, yemwe anakulira mu Keyala, anachita chimodzimodzi mu 1971, anatengera miyambo yomweyi kwa Angerezi. Yunifolomu ya phwando ndi tambula ya vinyo sizitchinjiriza dziko. Chimene chimatchinjiriza ndi chikhulupiriro chimene maofesala amapatsirana, wamkulu kwa wamng'ono, chakuti msilikali ndi wa dziko lonse osati wa chipani, mtundu kapena chigawo. Chikhulupiriro chotere chimalembedwa m'malamulo ndi kuphunzitsidwa m'kalasi, koma chimazika mizu m'macheza a tsiku ndi tsiku, pamene achinyamata amaona zimene akuluakulu awo amatamanda ndi zimene amanyansidwa nazo.

Mesi ndi amodzi mwa malo amene kupatsirana kumeneku kumachitikira. Ikasungidwa bwino, imaumba maofesala odziletsa, odziwana ndi okhulupirirana. Ikalowerera, imatha kusanduka bwalo la miseche, magulumagulu ndi kukondera. N'chifukwa chake zimene wophunzira wa ku Salima amaphunzira za kuvula chipewa pakhomo, kulipira bilu pa nthawi yake ndi kusiya ndale kunja sizing'onozing'ono monga zimaonekera. Ena mwa achinyamata amene akukhala kumapeto kwa tebulo lero ndiwo adzakhale ndi udindo wosankha mbali yoima, tsiku limene malamulo a dziko lino adzayesedwenso.